Kalata ya msonkho yandipeza, amene anandilembera sakuyankha foni

Nabanda wa ku Dallas: Odi kuno abale anga. Pepani ndakudzutsani, ndangoweruka kushifiti ndipo tulo tathawa. Ndapeza kalata ya IRS, ofesi yotolera misonkho ya boma la America, m'bokosi. Akuti ndalama zomwe anandibwezera chaka chatha zinapyola muyeso, ndibweze, kuphatikizapo chiwongoladzanja. Msonkhowo anandilembera ndi bambo wina amene mnzanga wa kuntchito anandilozera, kaofesi kake kanali kuseri kwa shopu yogulitsa mawigi. Anandifunsa ngati pali ana amene ndimasamala. Ine nkuti eya, ana awiri a malemu achemwali anga ali ku Kasungu, fizi ndimalipira ndine. Iye nkuti basi, amenewo ndi ako. Anadula madola 600 pa rifandiyo. Lero ndamuimbira kasanu, nambala sikulowa.

Wa Thiraki: Asisi pepani. Koma rifandiyo inakoma eti? Tinaiona pa zithunzi za pa Easter.

Nabanda wa ku Dallas: Achimwene lero ayi. Ndikulira pano.

Mayi a Mapasa: Nabanda, pumani kaye. Ntchito yanga ndi yomweyi, ndili ndi laisensi ya enrolled agent, yochokera ku IRS, yoyimira anthu pa nkhani za msonkho. Tengani kope ya fomu yanu ya 1040, tsamba lachiwiri, pansi penipeni pamene palembedwa kuti Paid Preparer Use Only. Pali dzina? Pali nambala yoyamba ndi P?

Nabanda wa ku Dallas: Palibe dzina. Pangolembedwa Self-Prepared. Komanso amayi ndikuona tsamba lina likunena kuti ndili ndi bizinesi yoluka tsitsi ndipo inaluza. Ine ngakhale langa lomweli ndimakalukitsa.

Mayi a Mapasa: Ndimaopa zomwezo. Amenewo ku IRS amawatchula ma ghost, mizukwa. Amalandira ndalama koma sasayina, kuti fomu izioneka ngati munalemba nokha. Lamulo likuti aliyense wolembera anthu misonkho molipidwa akhale ndi nambala ya PTIN ndipo asayine. Nanga anawo, manambala awo a Social Security anawatenga kuti?

Nabanda wa ku Dallas: Sanandifunse n'komwe.

Mayi a Mapasa: Ndiye yang'anani bwino mayina amene ali pamenepo. Ndipo nonse mumve, chifukwa funso ili limabwera chaka ndi chaka: mwana amene si nzika ya America ndipo akukhala ku Malawi simungamulembe, ngakhale mukumulipirira fizi, yunifolomu ndi sopo yemwe. Lamulo limalola nzika, okhala mu America, ndi okhala ku Canada kapena Mexico. Kasungu mulibe.

Malume a ku South Bend: Chondidabwitsa ine ndi ichi. Dziko lino wometa tsitsi amafunika laisensi. Mwana wanga anakhoza mayeso kaye asanaloledwe kusambitsa nkhalamba. Ndiye munthu wogwira mapepala a msonkho, amene angakulowetse m'mavuto ndi boma, angobwereka kachipinda n'kuyamba? Aloya athu ali kuti? Tiyankheni.

Kamtsikana ka Malamulo: Ndilipo malume, koma uloya sindinafike, ndikadali chaka chachiwiri. Nkhaniyi tinaiwerenga temu yathayi ndipo mukamva gwero lake museka. IRS inayesapo. Mu 2011 inakhazikitsa malamulo akuti wolembera anthu misonkho amene si loya, CPA (akauntanti wa laisensi) kapena enrolled agent alembe mayeso ndipo aziphunzira maola 15 chaka chilichonse. Anthu atatu olemba misonkho anakasuma, dzina lotsogola linali la mayi Sabina Loving wa ku Chicago. Anapambana mu 2013 kwa jaji James Boasberg, boma linachita apilo, n'kugonjanso mu February 2014. Chigamulo cha apilocho analemba ndi Brett Kavanaugh, asanakwere ku khothi lalikulu.

Tsono chifukwa chake. IRS inatsamira pa lamulo la mu 1884. Nkhondo yapachiweniweni itatha, anthu ankapita ku Treasury, unduna wa zachuma, kukapempha chipukutamisozi cha akavalo awo amene anafera kapena kutayika pankhondo, ndipo panabuka atsinzinantole oyimira anthu, kavalo wokalamba ankasanduka wamtengo wapatali papepala. Congress, nyumba ya malamulo, inapatsa Treasury mphamvu yoyang'anira oyimira anthu pamaso pake. Khothi mu 2014 linati wokulembera fomu sakukuyimira, akungokuthandiza kulemba, choncho lamulo la akavalo silimukhudza. Ngati boma likufuna mphamvuyo, Congress ipange lamulo latsopano. Mabilo akhala akubwera koma sanadutse.

Wa Thiraki: Ndiye Nabanda akulira chifukwa cha kavalo wa mu 1884? Koma dziko ili.

Mayi a Mapasa: Zigawo zina zinadziikira malamulo awo. Oregon ili ndi mayeso, Maryland nayonso, California imafuna maphunziro a maola 60 ndi chikole cha madola 5,000, New York amalembetsa. Texas, kumene kuli Dallas, kulibe zimenezo. IRS inangotsala ndi pologalamu yodzifunira, wofuna amalowa, wosafuna amangopitiriza. Ndipo musaganize kuti vuto ndi tizipinda ta kuseri tokha. Mu 2014 ofesi ya GAO, yofufuza ntchito za boma, inatumiza anthu mobisa kwa olemba misonkho 19 a m'makampani okhala ndi nthambi. Amene anapeza rifandi yolondola anali awiri.

Kamtsikana ka Malamulo: Apa ndi pamene mkalasi mwathu munatentha. Mphunzitsi anatipatsa mlandu wa Loving sabata imodzi ndi milandu ya pambuyo pa ukapolo. Ife tinkaona ngati wasokoneza mapepala.

Malume a ku South Bend: Ayi mwanawe, yayamba. Ku sukulu zanuzo chilichonse mumachikokera ku ukapolo. Wakuba waba ndalama za mwana wa eni ake ku Dallas, ukapolo ukubwera pati?

Kamtsikana ka Malamulo: Ndipatseni mpata malume, mukandikana pamapeto. Ndiyambe ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Ndime ija yowerenga akapolo asanu ngati anthu atatu sinali ya mipando ya ku Congress yokha, inalinso yogawira msonkho pakati pa zigawo. Ndime ina inaloleza msonkho wosapyola madola 10 pa munthu aliyense wobweretsedwa m'dziko. Msonkho ndi ukapolo zinalembedwa pa pepala limodzi kuchokera mu 1787.

Mu 1865 kusintha kwa nambala 13 kwa malamulo oyendetsera dzikowo kunathetsa ukapolo, koma kunasiya khomo: kupatula ngati chilango kwa munthu wopezeka wolakwa kukhothi. Chaka chomwecho Mississippi inapanga malamulo akuti munthu wakuda wopanda umboni wa ntchito ndi woyendayenda, amangidwe, alipe chindapusa, akalephera abwereketsedwe kwa amene amulipirire. Mu 1871 khothi la ku Virginia linanena poyera kuti mkaidi ndi kapolo wa boma. Alabama inapitiriza kubwereketsa akaidi ku migodi ya malasha mpaka 1928.

Koma mlandu umene unandigwira mtima ndi wa United States v. Reynolds wa mu 1914. Munthu wina, Ed Rivers, anapezeka wolakwa pa kuba kwakung'ono ku Alabama. Chindapusa madola 15. Zolipira khothi madola 43.75. Taonani, zolipira khothi zikuposa chilango pafupifupi katatu. Mwini munda anamulipirira, Rivers n'kusayina kuti agwira ntchito miyezi 9 ndi masiku 24, pa madola 6 pamwezi. Atasiya ntchito panjira anamangidwanso chifukwa chophwanya panganolo, ngongole inakula, wina n'kumugulanso kwa nthawi yotalikirapo. Khothi lalikulu linati uku n'kugwiritsa munthu ntchito ya ngongole mokakamiza, n'koletsedwa. Chimene akatswiri amaloza n'chakuti panalibe unyolo wa pamsika. Panali fomu, siginecha ndi ngongole.

Bambo a Tadala ku Zomba: Ndikuwerenga kuno kwacha kale. Zimenezi zikundikumbutsa thangata. Agogo ankatiuza za ku maesiteti a ku Magomero, kugwira ntchito kulipira malo okhala, kwinaku msonkho wa nyumba ukudikira, ndipo wogwira ntchito kwa mzungu ankamuchotserako msonkhowo. Musaiwale kuti John Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg, Virginia, asanabwerere mu 1900. Zimene mukunenazi anaziona zikuchitika.

Malume a ku South Bend: Za msonkho ndi amesenjala musandiuze, ndinaona amuna akuluakulu akugona kumunda kuthawa. Mbiri sindikuikana. Ndikukana kulumpha kuchoka 1914 kufika pa kalata ya Nabanda ngati palibe zaka 100 pakati.

Kamtsikana ka Malamulo: Chabwino, tiyandikire. Mu March 2015 unduna wa zachilungamo unatulutsa lipoti la mzinda wa Ferguson ku Missouri. Unapeza kuti apolisi ndi khothi la mzindawo zinkayendetsedwa ngati njira yotolera ndalama. Muli nkhani ya mayi wakuda amene anaimika galimoto polakwika mu 2007, chindapusa madola 151. Anamangidwa kawiri, anagona m'chitokosi masiku 6, analipira madola 550, ndipo pofika December 2014 anali adakali ndi ngongole ya madola 541. Ikani nkhani yake pambali pa ya Ed Rivers, malume, muwerenge zonse ziwiri.

Wa Thiraki: Ine ndimadutsa Louisiana kawirikawiri. Ndende ija amati Angola ndi munda weniweni, maekala 18,000, unali munda wa akapolo. Mpaka lero akaidi amalima momwemo.

Kamtsikana ka Malamulo: Eya. N'chifukwa chake zigawo zayamba kuchotsa khomo lija m'malamulo awo. Colorado 2018, Utah ndi Nebraska 2020, Alabama, Tennessee, Oregon ndi Vermont 2022. Koma California, imene aliyense amaiyesa yotsogola, anthu anavota kukana mu 2024. Ndipo mverani ichi, amayi a Mapasa anditsutse ngati ndanama: ndalama imene mkaidi walandira pa ntchito ya m'ndende siwerengedwa pofuna EITC.

Mayi a Mapasa: Sunaname. Lamulo likutero ndithu. Palinso lina: wopezeka ndi mlandu waukulu wa mankhwala osokoneza bongo sangalandire American Opportunity Credit ya sukulu. Ndifotokozeko EITC kwa osaidziwa. Inayamba mu 1975, ndi thandizo kwa ogwira ntchito olandira zochepa, makamaka okhala ndi ana, ndipo limadzera pa fomu ya msonkho. Kwa mabanja ambiri imeneyo ndiyo cheke yaikulu pachaka. Malamulo ake ndi okhotakhota: mwana anakhala nanu kupyola theka la chaka? Ndi ubale wanji? Wina sanamulembe kale? Munthu amaopa kulakwitsa, amapita kwa wolemba. Tizikwangwani timene timamera mu January m'madera a anthu osauka n'kufota mu April timatsatira ndalama imeneyi.

Kamtsikana ka Malamulo: Ndiye onani mapeto ake. Mu 2019 bungwe la atolankhani la ProPublica linalemba za kafukufuku wa Kim Bloomquist, amene anagwirapo ntchito ku IRS, wosonyeza kuti boma laling'ono lofufuzidwa kwambiri pa msonkho m'dziko lonse linali Humphreys County ku Mississippi. Osati kwa mabwana a ku Manhattan. Dera losauka la ku Delta, kwa alimi a milamba, anthu ambiri akuda, kumene kunali minda ya thonje. Mu January 2023 akatswiri a ku Stanford pamodzi ndi a ku Treasury anapeza kuti anthu akuda amafufuzidwa kuwirikiza 2.9 mpaka 4.7 kuposa ena, ndipo mpata waukulu unali pakati pa opempha EITC. Mu May chaka chomwecho mkulu wa IRS, Daniel Werfel, analembera Senate kuvomereza kuti zimene iwo apeza zikugwirizana nazo.

Malume a ku South Bend: Fomu ya msonkho ilibe pofunsa mtundu wa munthu. Ndalemba zaka 26, sindinaonepo. Kompyuta ikudziwa bwanji kuti uyu ndi wakuda?

Mayi a Mapasa: Siidziwa, malume, mwalondola. Ofufuzawo anachita kuyerekeza mtundu pogwiritsa ntchito mayina ndi kumene anthu akukhala. Chimene chimachitika n'chakuti kufufuza wosauka n'kotchipa. Kalata imodzi, bweretsani umboni kuti mwanayu amakhala nanu. Munthu wasamuka nyumba, kapena waopa, sanayankhe, mlandu watha, boma lapambana. Kufufuza wolemera wokhala ndi makampani asanu kumafuna akatswiri ndi zaka. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ukauza makina kuti asake pamene kulakwa kumapezeka msanga m'malo mosaka pamene pabisika ndalama zambiri, amalunjika kwa omwewo.

Malume a ku South Bend: Ndiye ndi ulesi ndi kuumira, osati ukapolo.

Kamtsikana ka Malamulo: Malume, mwayankhula ngati khothi lalikulu. Mu 1987, pa mlandu wa McCleskey v. Kemp, anabweretsa kafukufuku wa David Baldus wosonyeza kuti ku Georgia wopha mzungu ankapatsidwa chilango cha imfa mochuluka kwambiri kuposa wopha munthu wakuda. Majaji 5 kwa 4 anati ziwerengero sizikwanira, onetsa kuti wina anafuna dala kukusala iweyo pa mlandu wakowu. Mkangano wa akatswiri wagona pomwepo. Ena akuti popanda cholinga palibe tsankho. Ena akuti funsani chifukwa chake Humphreys County ndi yosauka poyambirira, ndani analetsedwa kukhala ndi malo, ndani analetsedwa kuvota ndi msonkho wa pamutu mpaka m'ma 1960. Makina akasankha osauka m'dziko limene umphawi unagawidwa ndi lamulo, safunika kudziwa khungu. Nthawi zina khothi limayang'ana m'mbuyo ndithu: mu 2020 pa Ramos v. Louisiana linathetsa zogamula munthu oweruza a juri asanagwirizane onse, ndipo linatchula kuti lamulolo linachokera ku msonkhano wa mu 1898 umene cholinga chake chinali kukweza azungu. Koma sizichitika kawirikawiri.

Ine pandekha sindinena kuti bambo wa kuseri kwa mawigi uja ndi mdzukulu wa eni akapolo, mwina ndi mlendo mnzathu. Ndikuti taonani amene wasiyidwa ndi ngongole. Wodya madola 600 sanasayine. Amene anasayina ndi Nabanda.

Wa Thiraki: Ine ndikhale kumbali ya mayi Loving pang'ono. Amene amandilembera ine ndi mayi wachikulire, patebulo la kukhitchini kwake, zaka 9 tsopano, amasayina, amandikalipira ndikataya malisiti a dizilo. Mukamuunjikira mayeso ndi mafizi atseka, ine n'kupita ku kampani yaikulu yondidula kawiri. Si makampani akuluakulu omwewo ankaombera m'manja malamulo a 2011?

Kamtsikana ka Malamulo: Zoona achimwene, ndipo mfundo ya maloya a Institute for Justice amene anamuyimira inali yomweyo. Mayi Loving ankagwira ntchito ku South Side ya Chicago, dera la anthu akuda ambiri. Palinso akatswiri amene amakumbutsa kuti malaisensi anagwiritsidwapo ntchito kutsekereza anthu akuda ku ntchito zamanja ukapolo utatha. Ndiye mbali zonse ziwiri zikutunga pa chitsime chimodzi cha mbiri. Pa mayeso ndinalemba masamba anayi osafika pa yankho, ndinapeza B.

Mayi a Mapasa: Ine yankho ndili nalo, mayeso akhalepo. Mayi wanu wa kukhitchiniyo akhoza mosavuta, achimwene. Ngakhale ndivomere kuti mzukwa sumalemba mayeso, umangopitiriza kusasayina. Chimene mayeso angathandize ndi gulu lalikulu lapakati, osaba koma osadziwa.

Mnyamata wa ku Koleji: Pepani akuluakulu kulowerera. Ndili pa viza ya F-1, chaka chachiwiri. Anzanga anapita kwa munthu wina analandira ndalama zoposa madola 1,000 za sukulu. Ine ndinalemba ndekha ndinapeza zochepa. Ndinalakwitsa?

Mayi a Mapasa: Iwe ndi amene unalondola, mwanangu, ngati unalemba 1040-NR ndi 8843, mafomu a alendo osawerengedwa ngati okhala m'dziko. Zaka zisanu zoyamba wophunzira wa F-1 nthawi zambiri sawerengedwa ngati wokhala m'dziko pa nkhani ya msonkho, ndipo ndalama imeneyo si yake. Anzakowo auze akonze ndi 1040-X, fomu yokonzera zolakwika, asanapemphe mapepala ena. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nabanda wa ku Dallas: Mwatchula mapepala mtima wanga wagunda. Ndimafuna kupempha unzika chaka chamawa. Andithamangitsa?

Kamtsikana ka Malamulo: Asisi, si uphungu wa loya uwu, koma ndinene zimene ndikudziwa. Mlandu umene anthu amaopsezana nawo ndi Kawashima v. Holder wa mu 2012: banja la ku Japan la malo odyera ku California, okhala ndi green card, anavomera mlandu wa fomu yabodza ya msonkho, boma linaluza zoposa madola 10,000, khothi linati akhoza kuchotsedwa m'dziko. Koma pamenepo panali kuzengedwa mlandu waupandu, kunama mwadala ndi chigamulo. Kalata yofuna kuti mubweze ndalama si chimenecho. Chachikulu musaikhalire. Pofunsa unzika amafunsa za misonkho, ndipo munthu amene ali pa ndondomeko yolipira amaonetsa mapepala ake. Muonane ndi loya wa zolowa m'dziko musanatumize fomuyo.

Mayi a Mapasa: Nabanda, mawa chitani izi. Onani nambala ya kalatayo pakona yakumanja ndi tsiku lomaliza kuyankha. Ikakhala yotchedwa Notice of Deficiency muli ndi masiku 90 okasuma ku Tax Court, ndipo amenewo sawonjezera ngakhale mudwale. Sakani Low Income Taxpayer Clinic yapafupi, zambiri zili m'masukulu a malamulo, amathandiza ulere kapena pa mtengo wochepa ngati malipiro anu akulola. Bamboyo mumunenere pa fomu 14157 ndi 14157-A. Sungani mameseji onse, lisiti, ngakhale chithunzi cha chitseko chake. Zimenezo zikhoza kukuchotserani zilango, ngakhale msonkho weniweniwo mubweza ndithu. Pa EITC akakupezani kuti munachita mosasamala amakuletsani zaka 2, akati chinyengo zaka 10, ndiye umboni wakuti munapusitsidwa ndi wofunika. Chaka chamawa pitani ku VITA, pologalamu ya anthu odzipereka olembera misonkho anthu olandira zochepa, n'zaulere.

Malume a ku South Bend: Kamtsikana, za Ed Rivers unditumizire kumbali ndiwerenge ndekha. Sindinagonje, ndingofuna kuona ngati masamu a miyezi 9 aja akukwana.

Kamtsikana ka Malamulo: Madola 58.75 kugawa ndi 6, malume. Tengani pensulo.

Nabanda wa ku Dallas: Amayi a Mapasa, ndayang'ana mayina a ana aja. Si a achemwali anga. Mmodzi akuti anabadwa 2016, dzina sindinalimvepo chibadwire. Ndamuimbira mnzanga uja wondilozera, akuti nayenso yake inabwera Lachiwiri, amachita manyazi kundiuza. Akuti pa kaofesi paja pano akukonzerapo mafoni. Kalatayi ikuti ndiyankhe pasanathe masiku 30. Kodi ndingakutumizireni chithunzi chake kumbali?

Mayi a Mapasa: Tumizani, koma phimbani nambala ya Social Security ndi chala. Mnzanuyonso atumize yake.